Mphete ya Ba Anti mu Mchenga wa ku Malota

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Giredi 7, pomwe ndinatchedwa wakuba m'nyumba ya amalume anga ku Malota, mu Livingstone. Anthu amati nthawi imapoletsa mtima. Wanga ukadali wotentha, ndipo sindinamizira kuti ndinaiwala.

Amalume ananditenga ku Katete amayi anga atamwalira. Iwo ankayendetsa galimoto pa loji ina ya ku Nakatindi, kuchoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, choncho nyumba inali m'manja mwa akazi awo, omwe ndinkawaitana kuti ba anti. Ba anti ankakazinga vitumbuwa vogulitsa pamsika. Ufa ankakandira kuseri kwa nyumba, beseni atakhazika pa saka, ndipo asanayambe ankavula mphete yawo ya ukwati n'kuiika pambali. Ankati ndi ya golide weniweni, ndipo aliyense wobwera pakhomopo ankauzidwa zimenezi, afune asafune.

Tsiku lina mu Okutobala, kutentha kuli kwa mtima bii, ndinabwera kuchokera ku sukulu n'kupeza mabuku anga ndi zovala zanga zitamwazidwa pabwalo. Mphete inali itasowa. Ana a ba anti sanafunsidwe ngakhale funso limodzi. Ine ndinamenyedwa ndi mthiko mpaka unathyoka, kenako anandivula yunifolomu kuti andisecha, ana a oyandikana nawo akusuzumira pampanda. Madzulo amalume anamva mbali imodzi ya nkhani n'kugamula ali chiimire: mphete ikapanda kuoneka mwezi usanathe, ndibwerera ku Katete. Mayeso a Giredi 7 anali mwezi wotsatira.

Ndinasesa, ndinakwawa, ndinasefa dothi ndi zala. Koma amene anakhalapo ku Livingstone akudziwa mchenga wa kumeneko. Ukagwetsa singano, umaimeza iwe ukuona.

Kutsidya kwa msewu kunkakhala ba Mubita, bambo wachilozi yemwe ankakonza mawayilesi pakhonde chitsekedwere fakitale yomwe ankagwirako. Zaka zimenezo amuna ambiri ntchito zinali zitawathera, ndipo kunabuka misala yofuna chuma chomwe amati azungu akale anakwirira m'mbali mwa mtsinje. Ba Mubita ankawapangira makina ofufuzira zitsulo pansi: kabokosi ka zipangizo za wayilesi yakufa, ndodo, ndi koyilo kumapeto kwake, yomwe ndi waya wokulungidwa mozungulira ngati nkhata. Sindinamvepo kuti wina analemera nawo. Ankabwera ndi zidutswa za makasu ndi nkhope zopsa ndi dzuwa, mawa lake n'kupitanso.

Ndinawapeza ba Mubita akuwotcherera waya, ndipo ndinagwada.

"Ba Mubita, nibwelekeniko mashini yanu. Nifuna ring ya ba anti."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Iwe mwana, koyilo iyi ni yosakilila mapoto ya ndalama. Ni ikulu maningi, ring siingaimvele. Ufunika kang'ono monga kamwa ya kapu. Ine nilibe nthawi, uzapomba weka."

Anandiponyera thiransifoma yopsa, nandionetsa momwe ndingamasulire waya wake. Unali waya woonda ngati ulusi, wofiirira, wokutidwa ndi vanishi, ndipo unkanunkha chopserera. Ndinkagwira ntchitoyi pakhonde pawo ndikaweruka ku sukulu, ndisanapite kukatunga madzi. Ndinkakulunga wayayo pa kapu ya pulasitiki, mzere pa mzere, ndikuwerenga mumtima. Wina akandilankhula chiwerengero chinkandisokonekera, ndipo ba Mubita ankangoti ndimasule ndiyambirenso. Zala zinachekeka. Nditamaliza ndinaivula pa kapu mosamala, n'kuimanga ndi ulusi kuti isabalalike.

Kenako panafunika kuikuta ndi kapepala kasiliva ka m'mapaketi a ndudu, kuti isamasokonezedwe ndi nthaka. Ndinatola mapaketiwo kunja kwa thaveni, amuna oledzera akundifunsa ngati ndayamba kusuta. Ndinaikuta bwinobwino, kuzungulira konse, osasiya ndi pang'ono pomwe, chifukwa ndinkafuna ioneke yaudongo. Ba Mubita anapala nsonga za waya ndi lezala, nalumikiza ku kabokosi. Kunali zii. Anayandikiza sipuni, komabe zii.

"Wavalila konse," anatero akuseka. "Siliva iyi ikakumana mbali na mbali, koyilo imafa. Ufunika kusiya kampata ka chala chimozi."

Ankandiona ndikukuta, ndipo ankadziwa, koma anandisiya dala kuti ndidzionere ndekha. Ndinalakalaka kuwagenda nayo. Pochotsa siliva ndi mkwiyo ndinadula waya pakati, ntchito yonse n'kupita m'madzi. Ndinakulunga ina misozi ikugwera pa kapu, masiku a mwezi akutha. Iyi ndinaisiyira mpata wake, n'kuimangirira pa kathabwa ndi chingwe, popeza msomali ngakhale umodzi ukanaichititsa kulira nthawi zonse. Ndodo tinatenga ya tsache lakale. Atalumikiza, kabokosi kanayamba kulira ngati udzudzu, ndipo sipuni itayandikira kulirako kunakwera. Tsiku limenelo ndinagona ndi chiyembekezo.

Ndinasankha Lamlungu masana, titabwera ku tchalitchi, chifukwa ndinkafuna amalume akhalepo. Ndinayamba pakhomo penipeni, ndikuyendetsa koyilo pamwamba pa mchenga pang'onopang'ono. Anthu anadzaza pampanda. Ba anti anakhala pa mpando akudzikupiza ndi chitenje.

"Onani, manje wayamba na umfwiti," anauza anthuwo, ndipo onse anaseka.

Ndinafukula zotsekera mabotolo, misomali, waya wa minga, hafu ya sipuni. Chilichonse ndikatulutsa, kuseka kunkachuluka. Mapazi ankapsa ndi mchenga koma sindinaleke. Nditafika kuseri, pafupi ndi mpanda pomwe ba anti ankakung'untha saka lawo akamaliza kukanda, udzudzu uja unalira mokweza. Ndinapalasa ndi zala, ndipo chinthu chinanyezimira. Mphete inali apo, ufa wouma utamatirira m'kati mwake.

Ndinathamanga nayo. M'mutu mwanga ndinkaona ba anti akuchita manyazi, amalume akundigwira paphewa. Ndinali mwana, ndinkaganiza kuti choonadi ukachifukula n'kuchiika pachikhatho, nkhani yatha.

Ba anti anailanda, naipukuta pa chitenje, naivala. Kenako anatembenukira kwa amalume.

"Mwaona? Nenze nakamba ine. Anaibisa yeka. Waona ati tizamubweza kumunzi, ndiye waifukula. Vamashini ivi ni votinamiza chabe."

Ndinayang'ana amalume. Ufa unali pa mphete, malo anali a saka la akazi awo, ndipo tsiku lomwe inasowa ine ndinali m'kalasi. Zonsezi ankazidziwa. Iwo anayang'ana nsapato zawo.

"Ba malume, sininabe," ndinatero.

"Yapezeka. Nkhani yasila," anatero amalume, kutanthauza kuti nkhani yatha.

"Yasila bwanji?" anatero ba anti. "Ine siningankhale na kawalala mu nyumba."

Anthu a pampanda anabalalika mmodzimmodzi, aliyense atanyamula nkhani yoti mwana wa ku Katete waulula yekha pomwe anabisa. Ba Mubita anabwera kudzatenga kabokosi kawo, napukusa mutu, nabwerera ku mawayilesi awo. Nawonso sanandiikire kumbuyo, ngakhale anaona zala zanga.

Sabata yomweyo amalume anandiperekeza ku siteshoni ya mabasi, komwe anandipereka m'manja mwa mayi wina wa ku tchalitchi yemwe ankapita kum'mawa. Anandigulira botolo la chakumwa ndi mabanzi. Basi itatsala pang'ono kunyamuka, anawerama pawindo n'kulankhula motsitsa mawu, ngati akuopa kuti akazi awo amva ali ku Malota.

"Esinati, niziba ati sunabe. Koma uziba mwamene balili ba anti bako. Nifuna chabe mtendele pa nyumba."

Mabanzi aja sindinadye, ndinawapatsa mwana wa pa mpando wa kutsogolo. Mayeso a chaka chimenecho anandipita, ndipo ku Katete ndinakhala chaka chathunthu ndikulima ndisanapeze wondibwezera ku sukulu.

Kwa nthawi yaitali ndinkadana ndi ba anti. Lero ndine mayi, ndikulera ana anga ndi ana a mchimwene wanga yemwe anatisiya, ndipo ndikuona kuti mkwiyo wanga waukulu uli pa amalume. Ba anti sankandifuna, ndipo mphete inangowapatsa poyambira. Ikanapanda kusowa, akanapeza china. Koma amalume anali mlongo wa amayi anga. Ankadziwa kuti ndine wosalakwa, ndipo anagula mtendere wa m'nyumba mwawo ndi dzina langa ndi sukulu yanga, kenako n'kufuna kuti ndiwamvetse.

N'chifukwa chake kwathu kukasowa kanthu, ana onse amafunsidwa mofanana, anga ndi a malemu. Ndipo ndikadziwa kuti mwana akunamiziridwa, ndimanena pomwepo, mokweza, womunamizirayo akumva, ngakhale nyumba iipe sabata yonse. Kumunong'oneza mwana pambali kuti ukudziwa kuti sanalakwe si chifundo ayi, ndi mantha chabe. Mawu omwe amalume anandiuza pawindo la basi, akanawanena pabwalo paja anthu ali pampanda, ndikanalemba mayeso chaka chimenecho.