Zogwirira pa Mbaula

Mbaula zimene ndinapanga mkazi wanga atamwalira zinalibe zogwirira. Wogula akafunsa, ndinkati chitsulo chakwera mtengo.

Ndinaphunzira za zitsulo ku koleji, koma ntchito sinapezeke, ndiye ndinamanga kashedi ku Kanyama, mu Lusaka, kuseri kwa nyumba ya lendi. Mbaula zathu zinali zomata dongo mkati, zosadya makala ambiri, amene kuno timati malasha. Ine ndinkapanga, iye ankagulitsa. Anamwalira mu Juni, masana, ine ndili ku Heavy Industrial Area kokagula malata. Ankadwala malungo ndipo ankamva kuzizira. Analowetsa mbaula kuchipinda, n'kutseka chitseko ndi zenera, ndipo mpweya wa malasha unamupha. Anainyamula ndi zogwirira zimene ndinawotcherera ndekha.

Chaka chotsatira, kuzizira kukuyandikira, anthu anayamba kufuna mbaula kwambiri chifukwa magetsi ankazima pafupipafupi. Kwa ine kuzimako kunali vuto, pakuti makina owotcherera ankagwira ntchito maola ochepa patsiku. Ndikanatha kusintha chinthu chimodzi chokha pa mbaula.

Amayi ophika m'malesitilanti a mumsika ankafuna mbaula yotakata, yokwana mapoto awo aakulu. Mwini shopu wina m'tauni ankafuna miyendo yaitali ndi penti yakuda. Ogulitsa a ku Mandevu, amene ankatenga zambiri kuposa onse, ankafuna zogwirira. Ndinalemba zitatuzi papepala monga anatiphunzitsira ku koleji: chimene ambiri akufuna, ndi chimene chimatenga nthawi yochepa. Ndikawerengera mwanjira iliyonse, zogwirira zinkakhala pamwamba. Ndinapinda pepalalo n'kuyamba kudula malata a mbaula zotakata.

Ndinkaopa. Ndikangoganiza zopinda waya wa chogwirira, ndinkaona manja a munthu amene sindikumudziwa akuinyamula kulowa nayo kuchipinda.

Lachisanu lina kunabwera mlamu wanga, mkulu wake wa malemu, amene amagulitsa mbaula zanga ku Mandevu. Sanakhale pampando. Anatulutsa chitenje m'chikwama n'kuchitambasula pa benchi langa. Chinali ndi chibowo chachikulu chakupsa.

"Ba mulamu, onani nchito yanu," anatero. "Muganiza ati bantu analeka kungenesa mbaula mu nyumba chifukwa imwe simufaka vogwilila? Amanyamula na chitenje."

Ndinafunsa kuti chitenjecho n'cha ndani.

"Ni cha kasitoma wanga. Chinagwila moto, anataya mbaula, malasha yonse pa mwendo. Na mwana kumbuyo. Mwana ali che bwino, koma mwendo sungayang'ane kawili."

Ndinayang'ana chibowo chija. Chaka chonse ndinkaganiza kuti ndikuteteza anthu.

"Mlamu, mukudziwa chifukwa chake sindiika," ndinatero.

"Niziba. Anali mufana wanga akalibe kunkhala mukazi wanu." Anapinda chitenjecho pang'onopang'ono. "Si vogwilila vinamupaya. Ni chitseko na windo. Imwe na masukulu yanu yonse, ici cabe chakukangani?"

Magetsi atabwera masana amenewo, ndinadula waya n'kupinda chogwirira choyamba. Ndinachiwotcherera mokhota, n'kuchotsa, n'kuyambiranso. Nditamaliza ndinatenga msomali ndi hamala, ndipo pamwamba pa chogwirira, pamene maso amagwera munthu akawerama kuti anyamule, ndinakhoma timadontho topanga mawu akuti TSEGULANI ZENERA.

Kukhoma mawuwo kumadya nthawi kuposa chogwirira chenichenicho. Amayi a malesitilanti anatopa kudikira, anapita kwa wowotcherera wina ku Chawama. Wa shopu uja sanaimbenso foni. Malata amene ndinadula kale a mbaula zotakata akadali pakona.

Nditapereka mbaula zoyamba ku Mandevu, ndinapempha mlamu kuti aziuzanso wogula aliyense ndi pakamwa, poti si onse amawerenga.

"Nimauza aliyense, kuchokela pa malilo," anatero. "Enangu amaseka."

Mbaulazo zinatha m'masiku ochepa. Zili m'nyumba za ku Mandevu, Matero ndi George, nyumba zimene sindidzalowamo. Kukacha kozizira, foni ikalira ndili pa benchi, ndimayamba ndaika pansi chimene ndagwira, kenako ndimayang'ana amene akuimba, poopa kuti mwina ndi uthenga wa maliro.