Thobwa Limene Sindinataye

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili mu Sitandade 8, pamene ndinavomera mlandu umene sindinapalamule. Papita zaka zambiri ndipo amene anayambitsa nkhaniyi anagona kale kumanda, koma sindinama kuti mtima wanga unapola. Ndikadali ndi mkwiyo, ndipo ndasiya kuchita nawo manyazi.

Bambo anga anali okonza mawailesi pa Madisi. Kwawo kunali kumapiri a ku Ntchisi, koma atakwatira amayi anadzakhala kwathu pa chikamwini, m'mudzi wina kufupi ndi Madisi pomwepo. Munda umene tinkalima unali wa amayi, malo amene panali nyumba yathu anali a amayi, ndipo ife ana mwini wake weniweni anali amalume, achimwene awo a amayi, amene ankagwira ntchito ya mu ofesi ku Lilongwe. Chimene bambo akanatha kuloza n'kunena kuti ichi n'changa chinali kashopu ka chipinda chimodzi ndi luso la manja awo. Lusolo analidi nalo. Wailesi imene ena anaitaya, iwo ankaiwotcherera timawaya tiwiri titatu n'kuyambanso kulankhula, ndipo ankakonda kuti anthu aziona zimenezo.

M'kashopumo munalinso chikompyuta chakale, chibokosi chachitsulo chofika m'mawondo, chimene chinkalira ngati chigayo chikamayaka. Kumbuyo kwake kunali mabowo osawerengeka, ozungulira, aatali ndi aang'ono, moti chilichonse chimene munthu wabwera nacho chinkapeza polowa. Tinkatayipirapo makalata, kusindikiza mapepala ndi kuikira anthu nyimbo m'mafulashi ndi m'mamemori khadi a mafoni. Ntchito imeneyi inali yanga ndikaweruka kusukulu, chifukwa bambo ankatayipa ndi chala chimodzi, akusakasaka chilembo chilichonse.

Tsiku lina amalume atabwera kudzationa, anandipeza ndikutayipa kalata ya mkulu wa mpingo wina. Anaima kumbuyo kwanga akuonerera mmene ndinkatayipira. Kenako anauza amayi kuti, "Achemwali, mwana uyu ali ndi mutu. Akakhoza mayeso ndidzamutenga, akaphunzire sekondale ku Lilongwe, kusukulu kumene kuli makompyuta. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi."

Mawu amenewo ndinawasunga mumtima. Ndinkawerenga mabuku mpaka maso kuwawa, ndipo anzanga onse anali atadziwa kale kuti Esnati akupita ku Lilongwe, chifukwa pakamwa panga sipankasunga kanthu.

Ulendo wotsatira amalume anabwera ndi kompyuta yatsopano. Inali yakuda, yaing'ono ngati buku la nyimbo za kutchalitchi, yosalira n'komwe, ndipo inkayaka msanga munthu asanakhale bwino pampando. Poipereka anati, "Iyi ndi ya Esnati, alamu. Inu muzingoisunga, ndipo musaitsegule." Bambo anathokoza ndi manja awiri, koma ndinaona kuti mawuwo awalasa. Kuuza munthu wokonza mawailesi kuti asatsegule chinthu, pamaso pa mkazi wake, kunali kumunyoza, ndipo ndikhulupirira kuti amalume ankadziwa.

Vuto la kakompyutako linaoneka tsiku loyamba lomwelo. Kanali ndi mabowo atatu okha olowetsamo zinthu. Limodzi linatengedwa ndi kiyibodi, lina ndi mausi, n'kutsala limodzi loti pulinta, fulashi, chowerengera memori khadi ndi waya wa foni zizilimbirana. Inali nyengo imene anthu agulitsa fodya, ndipo anyamata ankadzaza pakhomo, aliyense akufuna nyimbo. Ndinkazula pulinta kuti ndilowetse fulashi, kuzula fulashi kuti ndilowetse foni, nthawi zina kuzula ndi kiyibodi yomwe. Mlimi wina wa ku Bowe atatopa kudikira anati, "APhiri, mwagula nkhumba ya mawere atatu ana ali khumi?" Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Bambo anaseka nawo, koma madzulo ake sanadye bwino.

Ine yankho ndinali nalo. Aphunzitsi athu a masamu anali ndi laputopu, ndipo ndinawaonapo akulowetsa kachipangizo kakang'ono m'bowo limodzi, iko kali ndi mabowo ena anayi. Nditawafunsa anandiuza kuti amakatchula kuti habu, ndipo ku Mponela kamapezeka, kotchipa kuposa nkhuku. Ndinathamanga kukauza bambo, ndikuyesa kuti andiyamikira.

"Ndikagule mabowo?" anatero akundiyang'ana ngati ndapenga. "Mabowo ali mbwee pachikompyuta chakalechi, angogona. Ndiwachotsa ndiwaike apa. Wailesi ndinayamba kutsegula iwe usanabadwe."

Linali Loweruka m'mawa, m'mwezi wa Juni, kukuzizira koti zala zinkakana kutayipa. Bambo anatseka chitseko cha shopu kuti anthu asalowe, anagwetsa chibokosi chakale chija cham'mbali n'kuchotsamo mabowo awiri pamodzi ndi mawaya ake. Kenako anatenga kakompyuta kanga n'kuyamba kumasula tizitsulo ta pansi pake. M'kati mwake zinthu zinali zothithikana, tinjira ta magetsi tating'ono ngati tsitsi, zosiyana kutali ndi m'mimba mwa wailesi. Ndinaona kuti nawonso adabwa, chifukwa anayamba azengereza, chowotcherera mawaya chili m'manja. Mwina akanaibwezera. Koma ine ndi pakamwa panga ndinati, "Bambo, paja amalume anati tisatsegule."

Apo ndiye ndinathira mafuta pamoto.

"Amalume akowo ndi amene amandiphunzitsa ntchito?" anafunsa motsitsa mawu, ndipo anagunditsa chowotcherera chija.

Fungo la mtovu wosungunuka ndinkalikonda kuyambira ndili wamng'ono, chifukwa linali fungo la bambo anga. Tsiku limenelo linasakanikirana ndi fungo lina. Atamaliza kulumikiza mawaya n'kuyatsa magetsi, kunamveka kaphokoso kakang'ono, thu, kenako kautsi kopyapyala konunkha pulasitiki wopsa. Kagetsi kobiriwira ka kutsogolo sikanayakenso. Anayesa mpaka dzuwa kupendeka, kuchotsa mawaya aja, kupukuta, kuuzira, koma kompyuta inali itafa. Anaitseka bwinobwino n'kuiika pashelefu. Tinabwerera kunyumba, iwo patsogolo ine pambuyo.

Patapita masiku angapo tinamva kuti amalume akubwera. Ine ndi amayi tinali kumunda tikukumba mbatata pamene anaiyamba nkhaniyo, maso ali pa khasu.

"Amalume ako akamva kuti bambo ako ndi amene awononga chinthu chija, adzawanyoza pamaso pa anthu. Bambo akowa ndimawadziwa, sadzapirira. Adzanyamula chikwama, ulendo wa ku Ntchisi. Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Nanga azing'ono akowa ndidzawalera ndi ndani?"

Ndinawafunsa kuti ndiye akufuna ndichite chiyani.

"Udzanene kuti unatayirapo thobwa mwangozi. Iwe ndiwe mwana, adzakukalipira tsiku limodzi basi, mawa aiwala."

Ndinalira pamzere wa mbatata pomwepo. Ndinawakumbutsa za ku Lilongwe, iwo anati amalume si munthu wosintha mawu chifukwa cha thobwa. Bambo sanandipemphe kanthu ndi pakamwa pawo. Anangondifunsa tsiku lotsatira, akuyang'ana wailesi imene ankakonza, kuti, "Amayi ako alankhula nawe?" Nditavomera, anagwedeza mutu n'kupitiriza ntchito.

Amalume anafika Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Anawaikira mpando wabwino pakhonde, bambo anakhala pa kampando kafupi, amayi pamphasa. Kompyuta anaiika pakati. Ine ndinagwada, ndipo bodza lija ndinalinena bwino kwambiri, mpaka kutchula kapu imene munali thobwalo. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, mwinanso khofi, ndipo ndinali nditakonzeka. Amalume sanakweze mawu. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Ndimayesa ndiwe mwana wosamala. Ukutaya thobwa pa kompyuta lero, kunyumba kwanga udzataya chiyani?"

Ndinayang'ana bambo. Ndinkaganiza kuti zikafika apa alankhula, chifukwa anali munthu wopemphera, woimba nawo kwaya ya abambo. Analankhuladi. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ana a masiku ano, alamu."

Kupsa kwa kompyuta ndinawakhululukira kalekale, pakuti mmisiri aliyense amalakwitsa. Mawu asanu amenewo ndi amene ndalephera kuwameza mpaka lero.

Amalume ananyamula kompyuta ija kupita nayo ku Lilongwe. Mayeso atatuluka ndinakhoza bwino kuposa aliyense pasukulu pathu, ndipo ndinayamba kuchapa zovala zanga ndi kuzipinda, ndikudikira. Sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira, galimoto ya amalume inabweradi, koma inakaima pakhomo pa amayi aang'ono. Amalume anatenga Chisomo, mwana wamwamuna wa amayi aang'onowo, amene anangokhoza mokwawa. Ndinaonera kuseri kwa nkhokwe akukweza chikwama chake.

Ine ndinapita kusekondale yoyendera, kumene kompyuta tinkangoiona yojambulidwa m'buku. Bambo anandigulira njinga yatsopano kuti ndisamavutike ndi mtunda, ndipo anthu m'mudzi ankati ndili ndi bambo wachikondi. Ndinaipalasa zaka zinayi ndikudziwa bwino chimene njingayo inkatseka. Bambo ku Ntchisi sanapite. Anakhala nafe, analera azing'ono anga, ndipo anamwalira ali pamudzi pathu, anthu akuwalemekeza. Za Loweruka lija sitinakambiranepo ngakhale kamodzi. Ndinadzipezera njira ndekha movutikira, ndipo lero ndimagwira ntchito mu ofesi ina ku Dowa. Sindinganene kuti moyo wanga unawonongeka, koma sindilolanso munthu kundiuza kuti palibe chimene ndinataya.

Tsiku lomanga chiliza cha bambo, anthu atayamba kubalalika, ndinapeza amalume atakhala okha pansi pa mtengo. Anali atakalamba, akuyendera ndodo. Ndinakhala pansi pafupi nawo n'kuwauza zonse, kuti thobwa kunalibe, kuti ndinangosenza mlandu wa bambo. Ndinkayesa kuti adzidzimuka, mwinanso kugwetsa msozi.

"Ndinkadziwa, Esnati," anatero. "Sabata yomweyo ndinapita nayo kwa okonza. Atatsegula anandionetsa mtovu uli mbuu, ndi pamene panapsa. Thobwa siliwotcherera mawaya."

Ndinawerenga miyezi m'mutu. Anadziwa mayeso asanatuluke, anadziwa asanabwere kudzatenga Chisomo.

"Nanga bwanji simunanditenge, amalume?"

"Ndikanakutenga, anthu akanafunsa kuti chasintha n'chiyani, ndipo ndikanawavula bambo ako pagulu. Mwamuna mnzako sumuchita zotero ali pamudzi pa eni." Kenako anawonjezera kuti, "Komanso iwe unandinamiza m'maso muli gwa. Mwana wotero ndikanamusunga bwanji m'nyumba mwanga?"

Ndinadzuka n'kuchokapo. Ndinaopa kuti ndikatsegula pakamwa, nditulutsa mawu osayenera kunenedwa pamanda.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti akuluakulu atatu onse ankadziwa zoona, ndipo aliyense anali ndi munthu womuteteza. Amayi ankateteza banja lawo, bambo ankateteza dzina lawo, amalume ankateteza ulemu wa mwamuna mnzawo. Palibe amene anali woipa mtima, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imandipweteka kwambiri, chifukwa onse anagona tulo tabwino akuganiza kuti asunga mtendere. Anangosankha kuti mtolowo ausenze wamng'ono, amene sakanatha kuwayankha. Amati mawu a akulu akoma akagonera. Ine ndawagoneka zaka zonsezi, ndipo aja a kumunda wa mbatata sanakomebe.

Ndili ndi mwana wamkazi tsopano, ndipo ulemu ndimamuphunzitsa monga anandiphunzitsira ine. Amagwada popereka madzi kwa alendo, salankhula akulu akamalankhula. Koma ndinamukhazika pansi tsiku lina n'kumuuza chinthu chimodzi chimene ine palibe anandiuza. Ndinati tsiku limene ndidzamupemphe kuti aname pofuna kuti ine kapena bambo ake tisachite manyazi, adzandikanire. Akhoza kudzakana atagwada, koma adzakane.