Ndodo ya Yohane ndi gemu ya a Binwelo

Mpaka lero ndikamva fungo la makoko a mango akuwolera m'matope, ndimaona kachipinda ka kuseri kwa golosale ya a Binwelo ku Chisepo: zenera lotsekedwa ndi chisaka, ana othithikana ngati mbuzi m'khola, ndi kuwala kotuwa kwa tivi kukugwa pankhope ya mlongo wanga wamng'ono Yohane. Ndimamuona atakhala pansi kutsogolo kwenikweni, kamwendo kake kopuwala atakapinda, ndodo yake itagona pambali, lilime lili panja pang'ono monga ankachitira akamamanga mpira wachikulunga. Mipira ya m'mudzi mwathu ankamanga ndi iyeyo, yolimba bwino, koma sanaimenyepo. Poliyo anamugwira akadali kumsana, ndipo ntchito yake pabwalo inali yosunga malaya a anzake.

Chinali tchuthi cha Khirisimasi cha chaka chimene boma linasintha. Aliyense pakamwa panali demokalase. Wobera sikelo pogula mtedza ankati ndi demokalase, mwana wokana kukatunga madzi nayenso demokalase. Mvula inali itabwera bwino, chimanga chili m'mawondo, ndipo m'mawa uliwonse ine ndi amayi tinkakhala tili kumunda kupalira, pamene Yohane ankatsala pakhomo akuingitsa nkhuku pa mphale. Bambo anali ku esiteti ya fodya ku Kasungu, kubwera kwawo kunali kwa pambuyo pa malonda. Iwowo ndi amene anamusemera ndodo ija asanapite. Inali ya muwanga, yaitali kufika paphewa, ndipo kunsi kwake anakhomerako kachidutswa ka tayala kuti isamaterereke. Yohane ankaigwira ndi manja onse awiri, kuizika patsogolo, n'kudziponya. Popanda iyo kuyenda kwake kunali kukwawa basi.

A Binwelo tonse tinkawadziwa kuyambira kale. Nthawi ya chipani chimodzi ndiwo ankaima pakhomo la msika atavala yunifolomu, akubweza amayi opanda khadi, ena mpaka kuwagulitsa khadi ya mwana amene anali asanabadwe. Zinthu zitatembenuka anasowa kwa miyezi ingapo, ena n'kumati athawira ku Mozambiki, koma anatulukira atanenepa, atavala kapusi yatsopano, ali ndi katoni pamutu. M'katonimo munali tivi yaing'ono, kabokosi kapulasitiki kotuwa, ndi kaseti yachikasu yolembedwa kuti muli magemu mazanamazana. Chikomekome cha mkuyu: magemu enieni analimo osakwana zala za dzanja limodzi, enawo anali omwewo osinthidwa mitundu. Nthawi imeneyo dziko lathu linalibe nyumba youlutsira zithunzi, choncho tivi ija ntchito yake inali yomweyo. Inkayendera batire ya galimoto imene inkanunkha asidi ndi kuboola kabudula wa aliyense woikhudza.

Gemu imene inatitenga mitima inali ya kamunthu kothamanga. Kankayamba pamalo a mitengo iwiri, n'kumalowera kudzanja lamanja, kakudumpha maenje, moto ndi tizilombo, ndipo wosewera ankakayendetsa ndi kachipangizo ka mabatani komwe tinkakatcha chiwongolero. Kanali ndi miyoyo itatu. Ukaitaya yonse, a Binwelo ankakufunsa ngati ukufuna kugula moyo wina kuti upitirize pomwe wafera, apo ayi dzuka apo akhale mnzako. Ndalama ana akumudzi tinalibe, koma munthu uja sankakana kanthu. Ankalandira mazira, kambale ka mtedza, chitini cha ngumbi zokazinga, ngakhale sopo wotsala. Atsikana sitinkaloledwa kugwira chiwongolero. Ine ndinkaloledwa kuima kukhoma chifukwa ndinali woperekeza Yohane, yemwe amayi sankafuna kuti aziwoloka yekha kamtsinje kathu nthawi ya dzinja.

Tsiku loyamba kugwira chiwongolero, Yohane analipira dzira limodzi la nkhuku yake. Anafa msanga ngati wina aliyense. Koma pobwerera sanatseke pakamwa njira yonse, akundifotokozera mmene kamunthuko kamanyamukira ukangodina, mmene kamatera ndi miyendo yonse iwiri. Sindinamvetse nthawi imeneyo. Ndinkangoona mwana wokonda zoseweretsa, osadziwa kuti kwa nthawi yoyamba m'moyo wake iye anali atathamanga. Pasanathe sabata ziwiri palibe ankamufika. Anyamata omwe ankamusungitsa malaya aja anayamba kumupatsa malo kutsogolo, n'kumakuwa dzina lake akadumpha dzenje lalikulu lomwe linawamaliza onse. Ndinamuona mwana wa mayi anga akuyenda chifuwa chili patsogolo, ndipo kunena zoona ndinasangalala naye.

A Binwelo nawonso anaona. Tsiku la msika anaima pakhonde la golosale n'kulengeza zimene ankazitcha bonasi ya Khirisimasi: mwana aliyense amene adzafikitse kamunthu kaja kumathero a ulendo wake lisanathe tsiku la Khirisimasi, adzanyamula kabokosi, kaseti ndi tivi yomwe n'kupita nazo kwawo. Kuyambira tsiku limenelo m'midzi munalowa chipwirikiti. Nkhuku zinaleka kuikira, kapena tinene kuti mazira ankasowa zikadali kutetera. Mtedza umene amayi ena anasungira kuti adzapachize mobzala mosamera unatha m'miphika. Mnyamata wina anazula chitseko cha khola la nkhunda za amalume ake. Yohane anamaliza mazira ake, kenako nkhuku yomwe. Amayi atamva anangopukusa mutu n'kunena kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha.

Madandaulo atachuluka, akuluakulu a tchalitchi chathu anakhala pansi. Lamlungu lotsatira, mapemphero atatha, a katekisiti a Fabiyano anaimirira n'kulengeza lamulo mwaulemu wake wonse: kuyambira tsiku limenelo mwana asalipire gemu ndi ndalama, mtedza, chimanga, mazira kapena chiweto chilichonse, ndipo a Binwelo akalandira chimodzi mwa izi, Mkhristu aliyense aleke kugula m'golosale mwawo. Anthu anaomba m'manja. A Binwelo, amene tsikulo anabwera dala n'kukhala benchi lakutsogolo, anagwada pang'ono n'kunena kuti masiku ano ndi a demokalase, malamulo a anthu timawamvera. Akuluakulu aja anapita kwawo mitima ili mbee. Anali atatchula chilichonse chosungidwa m'nkhokwe, m'mphika ndi m'khola, chifukwa kwa mlimi chinthu chobedwa ndi chimene chimalowa m'thumba. Sanaganize kuti mwana ali ndi zina zoti n'kumulanda.

Lamulo a Binwelo analisunga ndithu, sanalandirenso dzira ngakhale limodzi. Moyo wa kamunthu unayamba kugulidwa ndi thukuta. Ana ankatunga madzi, kupalira fodya wawo, kukankha wilibala ya batire kukatchajitsa kuchigayo. Koma Yohane sakanatha kupalira kapena kusenza ndowa, ndiye a Binwelo anamupezera mtengo wakewake. Pakhonde la golosale pankakhala azibambo akumwa masese ndi kachasu, ndipo a Binwelo ankaika kireti ya mabotolo pakati pa bwalo n'kunena kuti katswiri wathu atisonyeze mmene kamunthu kake kamadumphira. Kudumpha kumodzi, moyo umodzi. Yohane ankazika ndodo, kudziponya, kamwendo kaja kakuuluka pakokha ngati nsanza, n'kukagwera m'matope mbali inayo. Azibambo ankaseka mpaka kutsamwa, n'kuitanitsa mowa wina. Ndi pamenepo pamene anamupatsa dzina loti Kadumpha.

Ndinamukalipira, ndinamuopseza kuti ndikanena kwa amayi, ndipo ndinakanenadi. Amayi anamuletsa, koma munthu ali kumunda sangamange mwana ndi chingwe. Iye ankangoti ndimuleke, kwatsala pang'ono, tivi ikabwera kwathu onse osekawo adzabwera kudzagwada pakhomo pathu. Mawondo ake anali zilonda zokhazokha. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka pano n'chakuti pakhonde paja sipankakhala zilombo zochokera kutali. Anali anthu odziwa dzina la bambo athu, ena oimba nawo kwaya, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anati zakwana.

Tsiku la Khirisimasi linafika kuli mitambo. Titachoka ku Misa n'kudya mpunga wa kamodzi pachaka, tinapita ku Chisepo, ine ndili m'diresi la kaunjika, iye ali m'malaya oyera omwe amayi anawasita ndi makala. Kachipindako kanadzaza mpaka chisaka cha pazenera anachichotsa kuti akunja azionera. Munkanunkha thukuta, mafuta odzola ndi mowa. Yohane anasewera ngati si iye. Anadutsa malo amene palibe anali atawaonapo, a madzi, a mdima, a milatho yothyoka, ndipo akafa ankatuluka, kudumpha kireti, kubwerera malaya ali matope, n'kupitiriza. Kenako anafika pakhomo lalikulu lotchingidwa ndi chilombo cholavula moto, ndipo aliyense anadziwa kuti mathero ndi amenewa. Chilombocho chinamupha. Atagwira ndodo kuti atulukenso, a Binwelo anaiponda ndi nsapato.

"Zodumphazo anthu atopa nazo, iwe Kadumpha. Moyo uno mtengo wake ndi ndodoyi."

Ndinakuwa ndili kukhoma kuja kuti a katekisiti analetsa. Anatembenuka n'kundiyang'ana mmene ankayang'anira amayi pakhomo la msika.

"Analetsa chiyani, mtsikana iwe? Ndodo ndi dzira? Ndi mtedza? Ili ndi nthenga?"

Anthu anaseka. Yohane sanandiyang'ane n'komwe. Anangotsegula dzanja, ndodo ija n'kukwera m'mwamba, kudutsa pamitu pa anthu, kukathera panja. Anatenga chiwongolero, anadikira chilombo chilavule moto kawiri, n'kudumpha pamwamba pake. Khomo linatseguka. Kamunthu kanalowa, tivi inada, ndipo m'chipindamo munabuka phokoso loti ngakhale a ku Mponela ayenera kuti analimva. Ine ndinalira, ndinalumpha, ndinaiwala ndi mkwiyo womwe. Kenako tivi inawalanso. Panali mitengo iwiri ija. Kamunthu kanali kataima pomwe kankayambira tsiku lililonse, dzenje loyamba lili patsogolo pake, tizilombo tomwe tija tikubwera, kungoti tsopano tinkathamanga kwambiri.

A Binwelo anafunsa modekha ngati pali amene waona mathero, pakuti iwo akuona munthu akadali paulendo. Kasetiyo inalibe mathero, ndipo mwini wakeyo ankadziwa kuyambira tsiku limene analengeza bonasi yake. Wina pazenera anaphulika kuseka, ndipo ena onse anatsatira, poti kuseka kunali kosavuta kusiyana ndi kuchita manyazi. Yohane anakhala akuyang'ana tivi, zala zili pamabatani koma osadina. Kachilombo koyamba, kamene ngakhale mwana wa sitandade wani ankakadumpha, kanafika n'kumugunda. Anaika chiwongolero pansi bwinobwino ngati chingasweke.

Panja tinapeza bambo wina woledzera akuvina ndi ndodo ija, akukoka mwendo motsanzira, anzake akumuombera m'manja. Nditaigwira anandikankha, ndipo a Binwelo anati chogulidwa sichibwerera. Mvula inali itayamba kuwaza. Yohane anali atakwawa kufika pakhonde, ndipo sindikanalola kuti akwawe pamsika ponse pa Khirisimasi, choncho ndinamubereka ngati khanda, mnyamata wa zaka khumi ndi ziwiri, miyendo yake ikundigunda m'mawondo. Kumbuyo ana ankaimba dzina lake latsopano. Chitunda chathu tinachikwera ndikuterereka, kamtsinje tinakawoloka madzi ali m'chiuno. Sanalire. Tili pafupi ndi kwathu anayankhula kukhutu kwanga, mawu ake ali ouma: "Achemwali, ndiye kuti kamunthu kaja sikafika kwawo?"

Ndodo inabwera patapita masiku, a katekisiti atakaitenga okha, kachidutswa ka tayala katachoka. Akuluakulu anakhalanso pansi n'kuwonjezera ndodo pa zinthu zoletsedwa, ngati kuti m'mudzimo munali mwana wina woti n'kumulanda ndodo. Palibe amene anawachita kanthu a Binwelo. Gemu yawo inapsa yokha chakumapeto kwa dzinja, iwo n'kuyamba kugula fodya wa mavenda, ndipo anafa ali munthu wolemekezeka, maliro ake odzaza. Koma dzina lija linatsala. Njira ya kusukulu inkadutsa pagolosale pomwepo, ndipo sukulu zitatsegulidwa Yohane anapita masiku ochepa n'kuleka, m'chaka chomwe boma linati mwana aliyense aphunzire mwaulere. Mipira analekanso kumanga.

Masiku ano gemu ili m'thumba la mwana aliyense wokhala ndi foni, ndipo wanga amabwera kudzandinyengerera kuti ndimuikire mayunitsi agule moyo wina, poti kwatsala pang'ono. Ndimamva pawailesi anthu ophunzira akukambirana zoika malamulo oteteza ana ku malonda otere, ndipo ndimati aike ndithu, koma ndimawamvera chisoni, chifukwa amandikumbutsa a Fabiyano akuwerenga mazira ndi mtedza pamene wogulitsa wayang'ana kale pa ndodo. Yohane ali moyo, amasoka nsapato pansi pa mtengo kumudzi komweko, ali ndi imvi ndi ana atatu. Chaka chatha ndinapita kukamuona, ndipo nditafunsa kamtsikana kena panjira ngati a Yohane ali pamalo awo, kanati sikakuwadziwa. Kanaganiza pang'ono, kenako nkhope inawala, n'kundifunsa mwaulemu wonse ngati ndikunena a Kadumpha.