Matayala Anayi Amene Ankagona Kudenga

Alamu anga a Zikhalo akhala akumata matayala pa Chimbiya kwa zaka zoposa makumi awiri. Kashedi kawo kali kuseri kwa amayi ogulitsa kachewere ndi kabichi, ndipo mulibe zambiri: makina opopera mpweya, jeke, beseni la madzi akuda lofufuzira pamene tayala labooka, ndi benchi imene inapendekeka kalekale. Anakwatira alongo anga a Anastazia n'kukhala chikamwini kwathu ku Mphunzi. Ndi munthu wosayankhulayankhula. Ukawapatsa moni amayamba ayang'ana matayala a njinga yako, kenako nkhope.

Matenda awo anayamba m'mawa wina wa mu Juni, nkhungu itaphimba msewu wonse moti ngakhale maminibasi ankayenda mwaulemu. Akuti m'nkhungumo munatuluka galimoto yofiira, yaifupi ngati ikukwawa ndi mimba, yosamveka n'komwe kulira. Inaima pakashedi pawo. Mwini wake anangofuna mpweya pang'ono. Alamu anagwada, n'kugwira tayala. Linali lotambalala, lopyapyala m'mbali, mizere yake yosongoka ngati mivi, ndipo linali lofunda ndi lofewa ngati buledi wongophula kumene. Galimotoyo inalowanso m'nkhungu, ndipo sinabwerenso. Nkhaniyi andiuza kokwana mwina makumi asanu, ndipo nthawi zonse dzanja lawo limatambasuka lokha ngati tayalalo likadali pomwepo.

Chodabwitsa n'chakuti pa ntchito yawo sananamizepo munthu. Mphunzitsi kapena wabizinesi akabwera atatengeka ndi matayala a magalimoto othamanga, iwo ankapukusa mutu.

"Bwana, mumagona kuti? Ngati kwanu kuli miyala, tengani lonenepa m'mbali. Ili n'chikomekome cha mkuyu. Limafuna phula losalala, silidziwa kupepesa pa dzenje."

Ankatero, koma kudenga kwa kashedi kawo kunali kukugona matayala otero. Analipeza limodzi kwa wapaulendo, lina pa kaunjika ku Lilongwe, mpaka anakwana anayi ofanana, ndi malimu ake onyezimira, patatha zaka zisanu ndi chimodzi. Anawakulunga m'masaka kuti dzuwa lisawaone. Galimoto analibe. Ine ndinkawaseka poyera, poti chilamu chimalola.

"Alamu, mwagula nsapato mwana asanabadwe. Kapena muwamangirira ku ngolo?"

Ankangomwetulira, maso ali kumsewu. Masana ntchito ikachepa ankakhala pabenchi paja, n'kumayenda ulendo osasuntha: kudutsa paini wa m'phiri la Dedza, kukhota makona onse osachepetsa liwiro, alongo anga, amake Yohana, ali pambali, mpango ukuuluka.

Mwana wa nsapato zija anabadwadi. Yohana, mwana wawo woyamba amene amagwira ntchito ku Joni, anabwera pa Khirisimasi ndi kagalimoto koyera kotopa, n'kukasiya kwa bambo ake. Koma chimwemwecho sichinakhalitse. Mwezi wa Febuluwale alongo anga anaterereka pa thanthwe lonyowa potsikira kudimba, atavala masilipasi, mtanga uli pamutu. Anavulala m'chiuno. Mayi amene ankadzuka nkhuku zisanatsike kukathirira anyezi anayamba kuwerenga mapazi kuchoka pamphasa kufika pakhomo. Sankadandaula za ululu. Chimene ankaopa n'chakuti sadzatsikanso kudimba kwawo, ndipo ankafunsa aliyense wolowa m'nyumba ngati madzi akuyendabe m'ngalande.

Achipatala cha ku boma anati azibwera nawo pakatha milungu iwiri iliyonse. Dzulo lake la ulendo woyamba, alamu anatsitsa masaka aja kudenga. Ndinawapeza akumanga nati yomaliza, akupukuta limu ndi malaya awo. Kagalimoto kaja kanaoneka ngati nkhalamba yovala nsapato za mkwati. Ndikanayankhula. Ndinadziwa kuti matayala otero sayenera msewu wathu wa miyala, iwonso ankadziwa kuposa ine, koma nkhope yawo inali ya mwana, ndipo ndinameza mawu. Mpaka lero ndimadziimba mlandu.

Tinanyamuka m'mawa, alongo atagona chammbali kumpando wakumbuyo, ine kutsogolo. Msewu wa kwathu mukuudziwa, mvula ikaudya umatsala miyala yokhayokha. Matayala onenepa amameza miyalayo. Awa ankaipereka yonse m'mafupa, umodziumodzi, gu! gu! Ine wamphumphu mano ankagundana. Kumbuyo kunali zii. Alamu anagwira chiwongolero ndi manja awiri, akunong'ona okha kuti, "Tifike pa phula, tingofika pa phula."

Ndiye tinafika pa phula. Pamenepo ndisaname, ndinamva chimene munthuyu anakhala akuchilota. Phokoso lonse linatha. Galimoto inagwira msewu ngati yamera mizu, komabe ikuuluka. Nkhungu inali kutsika m'phiri, mitengo ya paini ikutuluka n'kubisalanso, ndipo pa kona iliyonse alamu ankangokhudza chiwongolero, galimoto n'kumvera isanauzidwe. Anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti amaimba. Ndinalakalaka boma likanakhala kutali.

Pachipatala tinatsegula chitseko chakumbuyo. Alongo anali thukuta lokhalokha m'chisanu chonse chija. Nsonga ya chitenje chawo inali m'kamwa, ndipo ataichotsa inali yonyowa, yobooka ndi mano. Alamu anaima chilili, akuyang'ana kabowoko.

"Amake Yohana, bwanji osanena?"

"Ndinene chiyani? Ndimakuonani pagalasi mukumwetulira. Yayenda bwino galimoto yanu, bambo ake Yohana."

Anamwino atawatenga pa njinga ya odwala, alamu anatsala panja. Anazungulira galimoto, n'kugwada, n'kuika dzanja pa tayala lakutsogolo. Linali lofunda. Anakhala choncho nthawi yaitali, ndipo ine ndinapita kukagula nthochi zimene sindinkazifuna.

Pobwerera anadutsa pokhotera kwathu osaima. Ndinati mwina aiwala, koma ayi, anapitirira mpaka pa Chimbiya, pang'onopang'ono, osaimbanso. Anaika jeke, n'kumasula matayala anayi onse alongo ali chigonere m'katimo, n'kubwezera akale onenepa aja. Anachepetsako ndi mpweya kuti afewe. Tinalowa msewu wa miyala ngati tanyamula mazira, ndipo alongo anagona tulo tisanafike.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, masaka abwerera kudenga. Anabwerera atatu. Tayala lachinayi analitengera kumudzi, n'kukhala nalo pansi pa mtengo wa pichesi ndi mpeni, pulayala ndi mwala wonolera. Waya wa m'kati anawavutitsa masiku atatu, zala zinachekeka zonse. Nditaona mpeni ukulowa m'mizere ija ndinamva kuwawa ngati langa.

"Alamu, mwapenga? Zaka zisanu ndi chimodzi!"

"Mphira uwu ndi wofewa," anatero osadzutsa mutu. "Anaupangira kugwira ponyowa. Suterereka."

Anasoka nkhwayira ziwiri, za muyeso wa phazi la alongo, zingwe zake za chubu.

Chiuno chinatenga nthawi. Mvula inatha, chisanu chinabwera n'kupita, anyezi tinathirira ndife. Koma mvula yoyamba itagwa mu Novembala, ndikupita kudimba m'mamawa, ndinaona m'matope a m'njira zidindo za mivi, zing'onozing'ono, zotalikirana pang'ono, kumanzere, kumanja. Zinafika pa thanthwe lija, zinasowa pamwala, n'kuonekeranso kumunsi kwake. Pamwamba pa thanthwe panaima alamu, njinga ili m'manja, ntchito ataiwala. Kumunsi m'nkhungu alongo anali atawerama, akutsegula ngalande ndi khasu.

Matayala atatu aja akadali kudenga pa Chimbiya. Mwezi watha mnyamata wina wa galimoto yonyezimira anawaona, n'kuchonderera kuti amugulitse ngakhale awiri. Ine ndinali pabenchi, ndipo ndinati tsopano alamu apepukidwe. Iwo anayang'ana kudenga, n'kuyamba kuwerenga ndi zala zawo zamabala zija, milomo ikugwedera.

"Pepani bwana, sali pamalonda," anatero. "Nkhwayira imatha m'chaka chimodzi. Amake Yohana akadali ndi zaka zambiri zoyenda."