Ana Akadya, Adona Adya

Manja angawa achapa, anthuni, achapa matewera, achapa nsalu za Amwenye zazitali ngati njira ya ku Majaua. Ndinkachapira adona a pa sitolo ya nsalu pa Milange, mbendera itangosintha kumene, atsamunda atachoka. Amwenye anzawo anali atawoloka Ruo, ena ku Limbe, ena kutali kosadziwika. Anatsala iwo ndi amuna awo, awiriwiri, ndi mashelefu ongoti mbee.

Nyengo yotentha ikafika, mango asanapse, adona ankachita mwambo wa Mayi amene amamupembedza kwawo. Mayiyo ali pa chithunzi, wakwera mkango, manja ambirimbiri, lililonse lagwira chake. Masiku asanu ndi anayi nyale yosazima, tirigu akumera m'kamphika, adona osadya chakudya chenicheni, kamkaka ndi nthochi basi. Tsiku lomaliza ankaitana ana aakazi asanu ndi anayi, osatha msinkhu, kuwasambitsa mapazi ndi kuwadyetsa, poti tsiku limenelo Mayi amakhala mwa anawo. Ana akadya, adona adya. Ana akapanda kudya, adona ndi njala yawo.

Tsono chaka chimenecho ana a Chimwenye akanawapeza kuti? Adona anali ataonda, poyenda akugwira khoma. Anandipeza pa mwala wochapira. Ine ankanditchula Mana, ndiye kuti achemwali.

"Mana, ndibwerekeni ana."

"Mwana sabwerekana ngati sefa, adona. Mukawatani?"

"Adye basi. Adye, ine ndidye."

Ndinafunsa abambo akunyumba, oimba kwaya kwa Akatolika. Anati, "Ambuye anasambitsa mapazi a zikang'a a anthu akuluakulu. Pita nawo, koma osalengeza, a chipani sakondwa ndi zopemphera."

Ndinatola mwana wanga, ana awiri a mlamu wanga, ena a m'makomo oyandikana, mpaka anakwana. M'mawa tikuyenda, njira yonse ine ndikulangiza: ulemu, ulemu, wamkulu mugwadire, pampando musakhale, mbale musayambe. Malangizo anga okoma amenewo ndiwo anatsala pang'ono kugwetsa adona.

Titafika, adona anayala nsalu yofiira pa benchi, akuti khalani. Ana athu akhale pamwamba wamkulu ali chiimire? Anakhala pansi. Adona anagwada ndi beseni. Ana kuona wamkulu wagwada, onse gwade, mapazi abisa kumbuyo. Adona kuwerama, ana kuwerama koposa. Adona mphumi pansi, ana mphumi pansi, timbuyo m'mwamba ngati anapiye pa madeya. Zinabwera mbale: timikate tofufuma, tchana, phala lotsekemera lonunkhira mafuta a mkaka. Ana analandira ndi manja awiri n'kuika pansi, kudikira wamkulu ayambe. Wamkulu naye akudikira ana. Dzuwa likukwera, adona milomo gwa, madzi a m'beseni akutayikira pa simenti.

Ndinanong'oneza wanga, "Iwe, kwera pa benchi."

"Amayi, munati pampando ayi."

"Lero ndasintha."

"Mukandikwapula kunyumba."

Amuna a adona, ali pakhomo, anati, "Mana, ana anuwa mwawaphika kwambiri, apsa."

Ndinaganiza, kodi kwathu ndani amakhala pamwamba akuluakulu akumugwadira? Mkwatibwi. Ndipo ana onsewa ukwati ankausewera pa masanje tsiku ndi tsiku. Ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinaliza nthungululu, ndinati lero nonse ndinu akwati, ine ndi adona ndife azakhali. Ndinayamba kuvina chogwada, kuomba m'manja, kuimba za kwathu pamaso pa Mayi wa mkango uja. Taonani ana akukwera pa benchi mmodzimmodzi, makosi owuma, maso pansi, osaseka n'komwe, akwati enieni.

Adona anasambitsa mapazi onse, phazi ndi phazi, anapukuta ndi nsalu yawo yomwe anavala. Anawadontheza kofiira pamphumi, anawamanga kaulusi pamkono. Nditaona mapazi a mwana wanga, ong'ambika ndi matekenya, ali m'manja ofewa a mayi uja, ndinasiya kuvina n'kukhala pansi. Mpaka lero ndimathokoza, ndimathokoza Mulungu amene anandisunga ndione zimenezo.

Wamng'ono kwambiri ndiye anayamba kuluma, anzake n'kutsatira, mafuta mpaka m'zigongono. Apo adona anakhala pansi pafupi ndi ine, ananyema mkate, theka langa, theka lawo. Anatafuna pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire. Anadya wachiwiri, anadya wachitatu, anamwa madzi, thukuta linatuluka. Kenako anandigwira bondo.

"Mana, chaka chamawa muwalangize pang'ono pokha."