Beni ya pa Hafutayimu

Nsapatozo zinali za seyilasi, nsalu yolimba ija, zoyera, zogula pa msika wa ku Woolwich, kudziko la azungu komwe tinkakhala, ndipo zinandikulira pang'ono moti amayi anakankhira thonje kutsogolo kwa zala. Ankazipaka mankhwala omwe ankayeretsera nsapato zawo za kuchipatala, n'kuziika pa nyuzipepala pafupi ndi hita kuti ziume. Fungo la mankhwalawo, longa la choko chonyowa, limandibwererabe m'mphuno ndikamadutsa pafupi ndi bwalo la mpira Loweruka. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo nsapatozo ndinaponda nazo kapinga kamodzi kokha.

Chaka chimenecho timu ya kudera kwathu inafika mu fainolo ya chikho. Sinali timu yotchuka, koma kwa anthu a m'misewu yathu inali ngati mpingo. Kwa zaka zambiri, pa nthawi yopuma ya pakati pa masewero, yomwe tonse tinkangoti hafutayimu, m'bwalo munkalowa madoda oimba malipenga, ovala majekete ofiira, n'kumaguba uku ndi uku anthu akudya mapayi. Koma madodawo anali atakalamba, ena atatsikira kulichete, ndipo akuluakulu a mpira anaganiza kuti pa fainolo pakhale china chatsopano: ana a sukulu. Sukulu yathu ndi yomwe inasankhidwa. Aphunzitsi athu, mzungu wachitsikana yemwe anali atangoyamba kumene ntchito, anafunsa ngati pali wina amene ali ndi gule wa kwawo woti n'kuphunzitsa anzake. Ine ndinakweza mkono ndisanafunse aliyense kunyumba. Ndinati amalume anga amadziwa beni.

Amalumewo anali achimwene awo a amayi. Ankagona pa sofa m'fulati yathu, ndipo ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Lewisham. Kumudzi anavinapo beni, gule woguba ngati asilikali, ndipo ankakonda kunena kuti ku Blantyre, iwo ali mnyamata, hafutayimu inkakoma kuposa mpira weniweniwo: ng'oma, mapito, fumbi, azimayi akuthamangira m'bwalo kukafupa ovina. Nditawauza, anaseka mpaka kutsokomola, kenako anagwada n'kuyamba kufufuza pito yawo m'sutikesi.

Amayi sanaseke. Anali nesi ku chipinda cha ovulala, ndipo Loweruka lililonse la masewero ankabwera kunyumba atasoka mitu ya masapota. Anandituma kuchipinda, koma makoma a fulati ija sankasunga chinsinsi.

“Achimwene, anthu a kumpira kuno simukuwadziwa. Kuno si ku Blantyre.”

“Ndiye mwanayu akule akubisa miyendo yake, achemwali?”

Mawu awiri amenewa anakhala m'nyumba mwathu nyengo yonse ija, ngati alendo okana kutsanzika. Ankakangana kukhitchini atatsegula mpopi kuti ndisamve. Ndikalowa, ankasiya, amayi n'kuyamba kupukuta tebulo loyera kale. Lero ndikuona kuti onse awiri ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake mkanganowo sunkatha. Panthawiyo ndinkangoona kuti amalume ali mbali yanga, amayi ayi.

Tinkayeserera mu holo ya sukulu, momwe munkanunkha mbatata yokazinga ndi polishi. Amalume ankabwera molunjika kuchokera ku shifiti, maso ali psuu, atanyamula ng'oma yobwereka kutchalitchi kwathu. Tinali ana amitundumitundu: a ku Ghana, a ku Jamaica, a ku Somalia, azungu ochepa, ndi ine Mmalawi ndekha. Anatiphunzitsa kuponda pansi mwamphamvu, kuponya mapewa, kuchita sawasha ndi nkhope yosamwetulira. Mnyamata wina wamtali wa ku Ghana anamupatsa ng'oma, iwo n'kutsala ndi pito. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ankalinena m'Chichewa kenako m'Chingerezi: “Pito ikalira, maso kwa ine. Osayang'ana kumbali.” Ndinkaganiza kuti amatero pofuna kuti mizere isapindike.

Fainolo itayandikira, amayi anasiya kukana, koma sanavomerenso. Anangosinthana shifiti ndi mnzawo, n'kunena akuyang'ana pawindo kuti ngati tikupita ndithu, iwo akakhala pomwepo. Atatero anatenga nsapato zanga n'kuyamba kuzipaka, mwakachetechete, mobwerezabwereza, ngati zawalakwira.

Tsikulo kunali kamvula kowaza. Kuyambira pa siteshoni misewu inali yodzaza ndi amuna oimba, ndipo apolisi anali pa mahatchi aakulu omwe ankatuluka nthunzi m'mphuno. Kunkanunkha anyezi wokazinga, mowa ndi ndowe. Amayi anandigwira dzanja molimba mpaka zala zinachita dzanzi, ndipo pageti anandisiya mochedwa, ngati munthu amene akupereka chinthu chomwe sakutsimikiza kuti achibwezeredwa. Iwo anakwera kukakhala ndi makolo ena. Ife anatilowetsa m'kanjira ka pansi pa mipando, komwe osewera amatulukira.

Mpira wake sitinauone, tinangoumva. Pamwamba pathu anthu ankaponda simenti mpaka fumbi linkagwera pa malaya athu oyera. Kutatsala pang'ono kuti apume, kunabuka phokoso lina, losiyana ndi loyamba lija, lolemera, lokhala ngati likuchokera m'mimba. Wina anati oimbira apereka khadi lofiira kwa wosewera wathu, ndipo timu inayo yagoletsa penate. Posakhalitsa osewera anatidutsa, matope mpaka m'mawondo, akulavula ndi kutukwana, osatiyang'ana n'komwe. Ndinaona aphunzitsi akulankhula ndi bambo wina wa jekete lachikasu, akuloza ife, akupukusa mutu. Bamboyo anayang'ana wotchi yake n'kutikodola. Amalume anaika pito pakamwa.

Kapinga anali wofewa kuposa momwe ndinkaganizira, ndipo bwalolo linali lalikulu moti ng'oma yathu inkamveka ngati munthu akugogoda chitseko cha nyumba ya eni. Tinaguba molunjika ku golo yomwe tinauzidwa, komwe kunali masapota okwiya kwambiri aja. Poyamba anangokhala ngati sanatione. Kenako, kuchokera pakona ina, kunayamba kamawu kakafupi, kobwerezabwereza, kochokera pakhosi: hu, hu, hu. Kanafalikira. Kankagwirizana bwino ndi ng'oma. Ndinati atilandira. Ndinaponda mwamphamvu kuposa kale lonse.

Pito inalira katatu, mothamanga, mmene sinkalirira poyeserera. Amalume anatitembenuza. Sizinali m'gule wathu, koma tinali titaphunzira kumvera: tinafulatira golo ija n'kuyamba kuguba kulowera pakati pa bwalo, iwo akuyenda chambuyo kumapeto kwa mzere, thupi lawo lili pakati pa ife ndi anthu aja. Chinthu china chachikasu chinagwa pafupi ndi phazi la mtsikana wa ku Somalia. Anafuna kucheuka, koma amalume anakuwa, pito ili m'mano: “Maso kwa ine!” Anathamanga n'kudzaima kutsogolo kwathu, ndipo m'pamene ndinaona magazi pamwamba pa diso lawo, pomwe chinthu choponyedwa chinawagenda, akutsikira m'tsaya mpaka pa kolala. Sanapukute. Anaponya mapewa, anachita sawasha, anagwetsa bondo pansi n'kudzukanso, akuvina mmene sindinawaonepo akuvina, mwaukali, ndipo ife tinawatsatira chifukwa panalibe kwina koyang'ana.

Kumbali ina ya bwalo anthu anayamba kuwomba m'manja motsatira ng'oma, poyamba ochepa, kenako ambiri, mpaka mawu aja anamira. Tinamaliza gule yense. Amalume sanadule ngakhale sitepe imodzi.

Titalowa m'kanjira kaja tinapeza amayi ali kale momwemo. Mmene anadutsira alonda onse aja sindikudziwa mpaka lero. Sanandikumbatire. Anandigwira nkhope, kunditembenuza uku ndi uku, kuyang'ana m'tsitsi, kenako anatulutsa bandeji m'chikwama mwawo. Anali atabwera nayo kuchokera kunyumba. Anakhazika amalume pa benchi n'kuyamba kutsuka balalo, ndipo palibe amene ananena kuti “si ndinanena ine?” Aphunzitsi anali atatsamira khoma akulira, akubwereza mawu opepesa kwa kholo lililonse. Ine ndinkaganiza kuti akulira ndi chimwemwe.

Chaka chotsatira ana a sukulu sanaitanidwenso, ndipo madoda a malipenga sanabwerere. Akuluakulu a mpira anamangirira zimkuzamawu padenga n'kumaika nyimbo. Kenako kunabwera masikirini aakulu, ndipo masiku ano, ndikapita ku fainolo ndi mwana wanga, hafutayimu ndi utsi, nyali zothwanima ndi oimba otchuka pa nsanja yokankha, atazunguliridwa ndi alonda. Phokoso lake n'loti munthu wokhala naye pafupi sungamumve. Anzanga amadandaula kuti zachotsa anthu wamba pa kapinga, kuti kale zinkakoma, ndipo sakunama. Koma ine ndimadziwa zomwe zimkuzamawu zimatha kukwirira, monga kulira kwa anyani kumene anatilandira nako tsiku lija, ndipo sindinasankhebe ngati ndizizithokoza kapena kuzida.

Tsiku lija chigawo chachiwiri sitinachionere. Tinatulukira geti la kumbuyo, misewu ili zii, n'kukwera basi yopita ku Woolwich. Tinakhala m'mwamba, kutsogolo, amalume atatsamiritsa mutu pagalasi, ng'oma ili pakati pa miyendo. Ine thupi linali likuvinabe. Ndinkalankhula osapuma, m'Chingerezi, kuwauza kuti anthu onse aja amaimba nafe, kuti winawake anatiponyera ngakhale nthochi, ngati mmene amafupira ovina ku Blantyre. Ndiye ndinafuna kuwakumbutsa mmene nyimboyo inkamvekera. Ndinakweza mapewa, ndikumenya mpando ngati ng'oma, n'kuyamba mokondwa: hu, hu, hu.

Amayi ananditseka pakamwa ndi chikhatho. Sanandimenye. Dzanja lawo linkanunkha mankhwala otsukira bala. Analisiya pamenepo basi ikuima ndi kunyamuka, ikuima ndi kunyamuka. Pamwamba pa zala zawo ndinayang'ana amalume kuti anditeteze monga mwa masiku onse, koma iwo anali atatseka maso, ndipo m'munsi mwa bandeji munkatsika madzi omwe sanali magazi. Ndinkadzifunsa kuti ndalakwitsa pati, poti nyimboyo ndinaiimba ndendende mmene ndinaimvera.