Wotchi Yoyendera Mkono wa Ababa

Ndikukumbukira wotchi ya ababa anga kuposa nkhope yawo, ndipo zimenezi zimandichititsa manyazi. Inali yolemera, ya lamba wachitsulo, galasi lake lokalikakalika. Anaigula kwa mmisiri wina wokalamba atangoyamba ntchito ku fakitale ya shuga ku Dwangwa. Inalibe batire. Mkati mwake munali kachitsulo kozungulira kamene kankaipatsa mphamvu mwiniwake akamagwedeza mkono, moti ukaisiya patebulo masiku awiri inkaima. "Iyi sigwirizana ndi alesi," ankatero ababa, diso lili pa ine.

Malamulo ake ankaposa a ku madarasa, sukulu ya ku mzikiti. Ikaima, uyambe waivula pamkono. Kamutu ka m'mbali upotokole pang'onopang'ono kamakumi awiri, osakakamiza. Potchera nthawi, kamutuko ukoke mowongoka, osati chammbali. Ndinawaloweza onse, ngakhale sindinkaloledwa n'kuikhudza komwe.

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, ababa anagwa kuntchito. Anabwera nawo kunyumba mbali yakumanzere itafa, pakamwa patapotoka. M'chipinda mwawo munayamba kumveka fungo la mankhwala opaka ndi la mkodzo. Wotchi ija ababa anakana kuisamutsira kudzanja lamanja. Tsiku lachitatu inaima, ndipo tsiku limenelo ababa sanadye kanthu.

Nzeru anaipeza ndi amayi. Anaitchera mobisa potsatira wailesi, ndipo m'mawa uliwonse powasambitsa ankawavula, ati isanyowe, n'kundipatsira pawindo. Ine ndinkaikweza mpaka pamwamba pa chigongono n'kuyamba kusinja makaka a chinangwa kuseri kwa nyumba. Munsi ukamakwera ndi kutsika, wotchi inkalandira mphamvu. Ndikamaliza ndinkaipukuta ufa ndi nsonga ya chitenje, amayi n'kuibwezera pamkono wakufa uja.

Ababa anakhulupirira ndi mtima wonse. "Mwaona, ikuyenda," ankauza aliyense wodzawazonda. "Ndiye kuti mkonowu ukugwedezeka, kungoti maso sakuona." Anayamba kulimbikira zimene anawauza kuchipatala, kuyesa kufinya kampira ka nsanza mpaka thukuta kamukamu. Anayambanso kudya, n'kumakamba zobwerera kuntchito nyengo yodula nzimbe ikafika.

Kenako amayi anapita kumaliro ku Kanyenda. Anandisiyira mawu omveka bwino: ndiziwavula wotchi powapukuta, ndizisinja monga mwa masiku onse. Koma ufa unalipo wokwanira, ndipo anzanga ankasewera phada pansi pa mtengo wa mango. Masiku awiri mtondo sindinauyandikire.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinalowa ndi phala, ababa akadali m'tulo. Wotchi inali zii. Ndinaika phala pansi. Kuivula ndinaopa kuwadzutsa, choncho ndinalowetsa chikhadabo pansi pa kamutu, ili pamkono pomwepo, n'kukoka chammbali. Kamutu kanazuka pamodzi ndi kachitsulo kake kowonda ngati singano. Nditadzutsa mutu ndinapeza maso awo ali pa ine.

"Asiyatu, ukutani?" anafunsa ndi lilime lawo lolemera lija.

"Inaima, ababa. Sindinasinje."

"Kusinja kukugwirizana bwanji ndi wotchi yanga?"

Ndinaulula zonse, ndikulira. Sanandikalipire, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanandimenya. Anayang'ana mkono wawo nthawi yaitali, kenako anati, "Ivule." Nditaivula anati, "Kampirako katayenso kunja." Sanayeserenso kufinya kanthu. Nzimbe zinadulidwa iwo ali chigonere, atayang'ana kukhoma, ndipo tinawaika m'manda mvula isanayambe.

Masiku ano nthawi ili pafoni ya aliyense, siifuna thukuta la munthu. Ngakhale mtondo sumvekanso kawirikawiri, makaka amapita kuchigayo. Amayi ankandiuza kuti matenda aja akanawatengabe, ndipo mwina zinali zoona, koma mtima wanga sunavomerepo. Wotchi ija ndinakonzetsa nditakula, ndipo ndimaivala kumanzere. Pofuna kuitchera ndimayamba ndaivula, kamutu n'kukoka mowongoka. Ana anga amandiseka kuti ndimaisamala ngati khanda. Chiikonzetsereni sindinailole kuima ngakhale tsiku limodzi. Ikuyenda bwinobwino, kungoti woti ndikamuonetse kulibe.